Misampha ya pafoni sikulitsa wosewera chess

Mnyamata wa ku Monkey Bay, ku Namwera kapena ku Malindi amene wayamba kukonda chess masiku ano, mphunzitsi wake woyamba amakhala foni. Akagula bandulo amalowa pa Lichess kapena pa Chess.com n'kumalimbana ndi anthu a ku India ndi ku Brazil, ndipo akatopa amaonera timavidiyo ta pa YouTube tomulonjeza kuti agwetsa aliyense ndi mamuvu 8 okha. Sindikudandaula nazo zimenezi. Kale munthu wa kunyanja kuno ankati akapeza buku limodzi la chess, lothothoka masamba, ndiye kuti wapeza chuma, pomwe lero masewero a akatswiri onse a padziko ali m'thumba la kabudula. Chondidetsa nkhawa ndi chizolowezi chimene foniyo yabwera nacho pa nkhani ya mamuvu oyambira masewero, amene osewera amawatchula kuti opening. Ambiri mwa osewera athu a rating yapakatikati akusankha opening potengera changu chake chogwetsera munthu wosadziwa. Ine ndikuti asankhe potengera zimene iwaphunzitse. Ndipo mfundo imeneyi ikumukhudza kwambiri wosewera wa ku Mangochi kuposa mnzake wa ku Blantyre, pa chifukwa cha ndalama ndi mtunda.

Rating ya bungwe la chess la dziko lonse, FIDE, siibwera chifukwa chosewera pafoni kapena pakhonde la golosale. Imabwera ukasewera pabolodi, m'mpikisano wolembetsedwa, ndipo kuti dzina lako lioneke koyamba pamndandanda uyenera kukumana ndi anthu okhala kale ndi rating m'masewero osachepera 5. Kuyambira mu March 2024, rating yotsikitsitsa ndi 1400, ndipo m'mwezi womwewo FIDE idakweza manambala a onse amene adali pansi pa 2000, moti amene adagona ali pa 1500 adadzuka ali pa 1700 asanakhudze n'komwe pisi. Osewera ambiri a m'dziko muno ali m'chigawo chimenechi, pakati pa 1400 ndi 2000, ndipo ndi amene ndikunena nawo. Mipikisano yopatsa rating kawirikawiri imachitikira m'mizinda. Kuchoka pa boma la Mangochi kudzera pa Liwonde ndi Zomba kukafika ku Blantyre ndi makilomita oyandikira 200. Wa ku Monkey Bay awonjezerepo ena oposa 60. Pali thiransipoti, malo ogona, chakudya ndi ndalama yolembetsera. Munthu wotere ngati wakwanitsa ulendo kawiri pachaka, ulendo uliwonse n'kusewera maraundi 7, ndiye kuti chaka chonse wakhala maso ndi maso ndi osewera enieni ka 14 kokha. Sewero lililonse mwa amenewo walilipira modula, ndipo funso ndi lakuti wagulapo chiyani.

Tione msampha umodzi wotchuka pa intaneti, wa Englund Gambit, kuti tisamangolankhula m'malere. Wa zoyera ayamba ndi 1.d4, wa zakuda ayankha e5, kupereka pawn yaulere. Kenako 2.dxe5 Nc6 3.Nf3 Qe7 4.Bf4 Qb4+ 5.Bd2 Qxb2. Apa mfumukazi yakuda yalowa m'nyumba ya eni, yaloza rook ya pa a1, ndipo munthu wosazolowera amachita mantha n'kukankhira bishopu pa c3 kuti aithamangitse. Ndiye wagweramo. Wa zakuda aika bishopu wake pa b4, ndipo pakatsatira 7.Qd2 Bxc3 8.Qxc3, mfumukazi ija imatsetserekera pa c1 ndipo mfumu yoyera ilibe kothawira, yatsekeredwa ndi anthu ake omwe. Mamuvu 8, sewero latha, wopambana akukasainira pointi anzake asanatenthetse n'komwe mipando. Koma pa mamuvu 8 amenewo iye waganizapo angati? Ngakhale imodzi. Wangobwereza zimene adaonera, ndipo akubwerera ku Mangochi ali ndi nzeru zomwe zija adanyamuka nazo, kungowonjezerapo pointi.

Tsono wa zoyera akhale kuti adaionapo kale nkhaniyi, pa muvu ya 6 pa c3 saikapo bishopu koma hatchi. Zikatero rook ija yatetezedwa, ndipo pakatsatira 6...Bb4 7.Rb1 Qa3 8.Nd5, wa zakuda amapezeka kuti pa mamuvu 7 oyamba wasuntha mfumukazi kanayi, mapisi ake ambiri akadali pamzere wakumbuyo, mfumu yake ili pakati, ndipo hatchi yoyera ikufuna kudya pa c7 n'kuloza mfumu ndi rook nthawi imodzi. Kuyambira apo sewero lonse ndi lozimitsa moto. Misampha ina yotchuka ndi yotero yomwe. Stafford Gambit, imene katswiri wa ku America Eric Rosen adaitchukitsa ndi mavidiyo ake, imapereka pawn pa muvu yachitatu n'kumayembekezera kuti mdani aphonye, ndipo uja wa ana asukulu wotulutsa mfumukazi pa h5 pa muvu yachiwiri umathera pa g6 ndi Nf6. Yankho la msampha uliwonse lili pafoni yomweyo imene idakuphunzitsa msamphawo, ndipo limatenga mphindi zochepa kuliphunzira kuposa zimene iwe udataya pouloweza. M'dziko la osewera ochepa ngati lathu, kumene anthu omwewo amakumana mpikisano ndi mpikisano n'kumauzana pa WhatsApp kuti uje amakonda chakuti, msampha sukhalitsa.

Wina anena kuti zonsezi ndi zokamba anthu okhuta. Pointi ndi pointi, kaya yabwera ndi mamuvu 8 kaya 80, ndipo mphoto ya mpikisano, ngakhale ndi yochepa, imatha kubweza thiransipoti. Anenanso kuti pa intaneti misampha imeneyi imagwira anthu tsiku ndi tsiku. Imagwiradi, koma tione kumene imagwirira. Pa intaneti anthu ambiri amasewera blitz, ya mphindi 3 kapena 5, ndi munthu amene sadzakumananso naye, chala chikuthamanga kuposa mutu. Pabolodi, mdani ali ndi nthawi yokhala pansi n'kudzifunsa kuti mnzangayu wandipatsiranji pawn yaulere. Komanso mipikisano yambiri imayendera dongosolo la Swiss, limene limakumanitsa opambana ndi opambana anzawo. Ukagwetsa awiri ofooka m'maraundi oyamba, raundi yachitatu umapezeka pa mabolodi akutsogolo, moyang'anizana ndi munthu wokuposa ndi mapointi 200 kapena 300 a rating. Malinga ndi masamu a Arpad Elo, amene FIDE idayamba kugwiritsa ntchito mu 1970, wokuposa ndi 200 amayembekezeka kutenga pafupifupi mapointi atatu pa anayi alionse ngakhale mutayamba mofanana. Nanga ukamuyambira ndi pawn yamphatso ndi mfumukazi yosochera? Mphoto ili m'manja mwa anthu amenewo, ndipo msampha umangokufikitsa pakhomo pawo n'kukusiya. Choipa kwambiri n'chakuti masewero awiri kapena atatu amenewo ndiwo adali phunziro lenileni la ulendo wonse, koma wawasewera uli kale m'dzenje, osaphunzirapo kanthu kupatula kupirira.

Pali gulu lina limene lidathawa misampha n'kukabisala kwina, ku London System. Awa amayala mapisi mofanana sewero lililonse: pawn pa d4, bishopu pa f4, pawn pa e3 ndi pa c3, hatchi pa f3 ndi pa d2, bishopu wina pa d3. Kaya mdani wachita chiyani, iwo ndi momwemo. Awa ndimawamvetsa kwambiri kuposa a misampha, chifukwa mphunzitsi wa pulayimale kapena kalaliki wa pa boma amene amaweruka atatopa alibe nthawi yoloweza mabuku, ndipo London siigwa chisawawa. Adzakuuzanso kuti Ding Liren adaisewera pa mpikisano wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse ku Astana mu 2023, m'sewero lachisanu ndi chimodzi, n'kumugonjetsa nayo Ian Nepomniachtchi. Zoonadi. Koma Ding adafika pa London atadutsa kale m'mitundu yonse ya masewero, ndipo kwa iye idali chida chimodzi mwa zambiri. Wa rating ya 1550 amene sadziwa china amakhala akusewera sewero limodzi lomwelo zaka zitatu, ndipo choopsa chake n'chakuti amazolowera kusuntha mamuvu 7 oyamba osayang'ana mbali ya mnzake. Mdani wochenjera akaika pawn pa c5 msanga, hatchi pa c6, mfumukazi pa b6 kuloza pawn ya pa b2 imene bishopu uja adaisiya yokha, wa London amadzidzimuka ngati wabedwa, chonsecho palibe chachilendo chachitika. Vuto lake ndi lomwe lija la wa Englund, kungoti lavala jekete: onse awiri apeza njira yopewera kuganiza.

Za amene amaloweza mamuvu 20 a Sicilian Najdorf chifukwa ankaisewera Bobby Fischer ndi Garry Kasparov sinditayapo nthawi. Mdani wa rating ya 1600 amapatuka pa muvu yachisanu, nthawi zambiri mosadziwa n'komwe kuti wapatuka, ndipo mamuvu 15 otsalawo amangotsala m'mutu opanda ntchito.

Nanga asewere chiyani? Ine ndikuti wosewera wosafika pa 1900 ayambe ndi 1.e4, akakhala ndi zakuda ayankhe e4 ndi e5 ndipo d4 ayiyankhe ndi d5, ndipo akhale pamenepo zaka ziwiri kapena zitatu osasunthika, ngakhale aziluza. Opening ya Italian, 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4, ndi yakale kwambiri moti Giulio Polerio ndi Gioachino Greco adailemba zaka zoposa 400 zapitazo, koma akatswiri a lero akuiseweranso. Ubwino wake ndi wakuti muvu iliyonse ili ndi chifukwa chooneka ndi maso, ndipo mapisi amakumana msanga, choncho munthu amakakamizika kuwerengera. Tione pamene wa zakuda wayankha 3...Nf6 ndipo wa zoyera walumphira 4.Ng5 kuloza f7. Pakatsatira d5 5.exd5, wosadziwa amadya pawn ndi hatchi, ndiye amakumana ndi 6.Nxf7, mfumu yake n'kukokedwera pakati pa bolodi. Ameneyu akaluza kamodzi amafunsa, ndipo amaphunzira 5...Na5, kuthamangitsa bishopu n'kulolera kutaya pawn imodzi. Pakatsatira 6.Bb5+ c6 7.dxc6 bxc6 8.Be2 h6 9.Nf3 e4, hatchi yoyera ija ikungothamangitsidwa uku ndi uku pamene mapisi akuda akutuluka ndi mizere yotseguka. Nayenso wapereka pawn, ngati wa Englund uja, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Uyu wagula nthawi ndi malo zimene zikhalepo ngakhale mdani asaphonye, ndipo akuyenera kudzipezera yekha chochita nazo. Funso lakuti pawn imodzi ikufanana ndi mamuvu angati a chitukuko ndi limene wosewera adzakumana nalo moyo wake wonse, m'ma opening onse. Sewero lotchuka la Paul Morphy la ku Paris mu 1858, limene lidatha pa muvu ya 17, aphunzitsi amalikonda pa chifukwa chomwechi, kuti pisi iliyonse idatuluka ndi ntchito yake.

Apa pabwera chitsutso chimene ndimachilemekeza. Ndanena ndekha kuti osewera athu ndi ochepa ndipo amadziwana. Ndiye ukamasewera opening imodzi zaka zitatu, si ndiye kuti aliyense akukonzekera? Akukonzekeradi. Koma kukonzekera msampha kumaupha, pamene kukonzekera opening yolimba kumangofikitsa anthu awirinu pamalo ofanana, ndipo pamalopo amene wakhalapo kambirimbiri ndi iwe. Anthu a kunyanja kuno sayenera kuvutika kumvetsa zimenezi, chifukwa kwathu kuno n'kwa bawo. Bawo ili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64, ndipo kayalidwe koyambira n'kamodzi, kodziwika kwa aliyense kuyambira kwa Mponda mpaka kwa Makanjira. Palibe mkulu wa bawo amene adatchuka chifukwa cha chinsinsi cha poyambira. Amatchuka chifukwa maso ake amayenda ndi nkhomo maenje ambiri patsogolo dzanja lisananyamuke, amadziwa pamene agonere, ndipo amadziwa nthawi yosunga nyumba ndi nthawi yoimwaza. Luso lowerengera limenelo lili kale m'midzi yathu, ndipo ndi lomwelo limene chess imafuna pakati pa sewero. N'zomvetsa chisoni kuona mdzukulu wa anthu otere akusiya kuwerengera n'kumadalira kuloweza.

Ndipo masewero a osewera apakatikati sathera pa opening. Aliyense amene adayendayenda pakati pa mabolodi a mpikisano adaonapo munthu atatuluka bwino mu opening, n'kudzasiya hatchi poyera pa muvu ya 23, kapena atatsala ndi rook ndi mfumu koma osadziwa kumanga mfumu ya mnzake, nthawi n'kumuthera. José Raúl Capablanca, polemba buku lake la Chess Fundamentals mu 1921, chaka chimene adakhala katswiri wa dziko lonse, adayambira kumapeto kwa sewero osati kumayambiriro. Yalani izi pabolodi: mfumu yoyera pa e5, pawn yake pa e4, mfumu yakuda pa e7, basi. Ikakhala nthawi ya wakuda kusuntha, waluza, chifukwa ayenera kupatuka ndipo mfumu yoyera ilowa pa d6 kapena pa f6 n'kuperekeza pawn mpaka ikasanduke mfumukazi. Ikakhala nthawi ya woyera, wakuda akadziwa kumangoima moyang'anizana naye, sewero ndi lofanana mphamvu. Theka la pointi lagona pa chinthu chimene munthu angachiphunzire madzulo amodzi, popanda bandulo. Asaganize wina kuti izi ndi za ana. Mu December 2024 ku Singapore, Gukesh Dommaraju wa ku India adalanda ukatswiri wa dziko lonse ali ndi zaka 18 chifukwa Ding yemwe uja, m'sewero lomaliza limene linkaoneka kuti litha mofanana, adaika rook pa f2 pa muvu ya 55. Mapisi adasinthanitsidwa, padatsala mafumu ndi ma pawn, ndipo padalibenso chopulumutsa.

Kuti wosewera adziwe pamene akugwera, ayenera kukhala ndi masewero ake olembedwa, ndipo apa udindo ukuchoka kwa iye yekha. Malamulo a FIDE amakakamiza kulemba mamuvu m'masewero a nthawi yaitali, koma m'masewero a rapid ndi blitz sakakamiza. Okonza mipikisano amakonda rapid chifukwa imatha tsiku limodzi ndipo holo amalipira kamodzi, ndiye osewera amabwerako ndi zotsatira zokha, masewerowo atauluka. Wofunsidwa kuti waluza bwanji amangoti opening idandivuta, n'kupita kukasaka ina pa YouTube, pamene chidamugwetsa chidali china. Mapatironi a makalabu a chess m'sukulu za ku Mangochi, Monkey Bay ndi Malindi angathe kuthetsa zimenezi ndi kope wamba la sukulu: sewero limodzi la ola lathunthu pamlungu, mamuvu onse olembedwa, kenako awiriwo akhale pansi aunike okha asanafunse kompyuta ya pafoni. Bungwe la Chess Association of Malawi, limene m'nthawi ya utsogoleri wa Susan Namangale lidalimbikira kulowetsa chess m'sukulu, liganizirenso za komwe mipikisano ya nthawi yaitali imachitikira. Mahotela a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, amalandira misonkhano ya maofesi a ku Lilongwe ndi Blantyre chaka chonse. Holo imene imakwana nthumwi za msonkhano ingakwanenso mabolodi 30, ndipo boma la Mangochi, la anthu oposa 1.1 miliyoni, malinga ndi kalembera wa 2018, siliyenera kumangotumiza ana ake kutali kuti akapeze rating. Chiletso Chipanga wa m'dziko muno adapambana mpikisano wa osewera osakhala akatswiri a mu Africa ku Livingstone mu 2018, ndipo Amon Simutowe wa ku Zambia adafika pa udindo wa Grandmaster mu 2009. Chigawo chathu chino cha Africa chimabala osewera, koma mipikisano ngati imeneyo imaseweredwa kwa maola, pabolodi, ndi cholembera m'manja, ndipo mwana wozolowera mphindi zitatu za pafoni amakafikako ali mlendo.

Chatsala ndi chitsutso cha munthu amene akuti iye sakufuna kukhala Simutowe, akungofuna kusangalala akaweruka, ndipo palibe chomukoma ngati kuona nkhope ya mnzake mfumukazi ikatera pa c1. Ameneyu ndilibe naye mlandu. Asewere Englund yake pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa lilowe, ndipo anzake akaphunzira kuika hatchi pa c3 asake ina. Koma akhale ndiye patironi wa kalabu ya sukulu, kapena mkulu amene ana amamuzungulira pabolodi, asawapatse msamphawo ngati phunziro loyamba. Kwa wosewera wosakwana zaka 18 amene rating yake ili pansi pa 2300, FIDE imawerengera kusintha kwa rating ndi nambala 40, kuwirikiza kawiri ya wamkulu wokhazikika, kutanthauza kuti sewero limodzi ndi mnzake wofanana naye mphamvu limamukweza kapena kumutsitsa ndi mapointi 20. Mwana wa misampha amakwera msanga m'mipikisano iwiri yoyamba, makolo ndi aphunzitsi n'kuyamba kumutchula katswiri, kenako amatsika ndi liwiro lomwelo akangodziwika, ndipo pa msinkhu umenewo kutsika kotere n'kokwanira kumusiyitsa bolodi.